Agalu osaka mbalame amene anthu amandisiyira akamapita ku holide

Tsiku loyamba lomwe ndinaona galu atauma gwa pakati pa munda ndinaganiza kuti wadwala. Mphindi yomweyo anali akuthamanga uku ndi uku ngati mphepo, makutu ali petupetu, kenako mwadzidzidzi basi waima chilili, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba, khosi atalisolola, mchira utawongoka ngati ndodo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyitane koma eni ake, bambo ena achikulire amene anabwera kudzandionetsa mmene galu wawo amayendera asanandisiyire, anandigwira pamkono nkunena chapansipansi kuti mayi dikirani kaye, musamuyitane. Tinayenda monyang'ama mpaka kufika kumbuyo kwake, iwo ananena liwu limodzi lokha, galu nkusuntha mapazi awiri, nde pomwepo chimbalame chachikulu cha mchira wautali chomwe kuno ku England amati pheasant chinavumbuluka mu udzu momwe ine sindimaonamo kanthu olo pang'ono. Galu uja sanachithamangitse ayi. Anangokhala pansi nkumachiyang'ana chikupita. Thupi langa lonse linachita tsembwe, ndipo mpaka lero ndikaona zimenezi limachitabe.

Abale akandifunsa pa WhatsApp kuti kodi ku England-ko ukugwira ntchito yanji masiku ano, nkuwayankha kuti ndimasunga agalu a anthu eni ake akachokapo, ambiri amaganiza kuti ndi kungoika mbale ya chakudya ndi madzi nkutseka geti basi. Kwa agalu ena mwina nchoncho ndithu. Koma ambiri amene amabwera pakhomo pathu kuno ku North Yorkshire ndi agalu osaka mbalame, aja amaloza pomwe mbalame yabisala, ndipo amenewa ndi nkhani ina. Pali anzathu angapo andifunsa kuti akufuna kuyamba ntchito yomweyi chifukwa atopa ndi mashifiti a usiku, nde ndati ndilembe zonse pamodzi, komanso kunena zoona mtima umandipweteka ndi mmene anthu ena amawasungira agalu amenewa.

Kwathu ku Ntchisi agogo aamuna anali ndi agalu a uzimba, owonda, a miyendo yaitali, ndipo nthawi ya chilimwe tchire likapsa amuna amatenga zibonga nkumasakiza agaluwo pa lupsa. Ntchito ya galu inali kudzutsa kalulu, kumuthamangitsa ndi kumugwira. Galu amene waona nyama nkuima akanamutcha wamantha, mwinanso akanamulanda mkute wake. Kuno anthu anachita zosiyana, kwa zaka mazana akhala akusankha agalu amene akamva fungo la mbalame amaima, nkumawaberekanitsa okhaokha, kuti mlenje apeze mpata wofika pafupi ndi mfuti yake mbalame isanauluke. Nde kuima kuja si mantha, ndi chilakolako chonse chofuna kugwira chomwe chamangidwa mkati, mukayandikira mumaona minofu ya m'ntchafu ikunjenjemera. Kagalu ka miyezi iwiri kamatha kuloza nthenga kapena gulugufe popanda wokaphunzitsa. Zili m'magazi.

Amene ndimalandira kawirikawiri ndi German Shorthaired Pointer, wa mawangamawanga a bulauni uja wochokera ku Germany, amalemera makilogalamu 25 mpaka 30 koma mphamvu zake ngati za mwana wa ng'ombe. Pali Vizsla wofiira ngati dothi la katondo wochokera ku Hungary, pali Weimaraner wotuwa wa maso owala, pali German Wirehaired wa ndevu, nthawi zina ka Brittany kochokera ku France. Onsewa alenje a kuno amawaika gulu limodzi lomwe amalitcha HPR, kutanthauza kuti galu mmodzi yemweyo amasaka, amaloza, mbalame ikaomberedwa nkukaitola kubwera nayo m'manja mwa mwini wake. English Pointer ndi ma setter ntchito yawo kwenikweni ndi kusaka ndi kuloza, ndipo amathamanga patali kwambiri chifukwa anawapangira m'mapiri opanda mitengo. Vuto ndi loti masiku ano ambiri ogula agaluwa si alenje. Anangomuona pa Instagram kuti ngokongola, ubweya wake ngwaufupi sudetsa m'nyumba, nkugula. Galu wopangidwira kuthamanga tsiku lathunthu m'phiri akukhala mu kanyumba ka mtauni ya Leeds kudikira anthu aweruke.

Za malamulo ndingodutsamo mwachangu koma musazipeputse. Kuyambira pa 1 October 2018 aliyense wosunga agalu a anthu ngati bizinesi ku England ayenera kukhala ndi layisensi yochokera ku khonsolo. Amabwera kunyumba kudzaona mpanda, pogona agalu, posungira chakudya, mabuku omwe umalembamo, kenako amakupatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo layisensiyo imakhala ya chaka chimodzi mpaka zitatu kutengera nyenyezizo. Galu aliyense akhale ndi microchip, kachipangizo kakang'ono ka nambala yake koikidwa pansi pa khungu, limenelo ndi lamulo kuyambira 2016, akhale ndi katemera wa parvo, distemper, hepatitis ndi lepto, ndipo ngati ndi koyamba kubayitsa papite masabata awiri asanabwere. Ine ndimafunanso wa chifuwa uja amadontheza m'mphuno. Kumasula galu pa chingwe kunja, kapena kumusakaniza ndi agalu a nyumba ina, mwini wake asayine kaye. Ife timasungira m'nyumba momwe tikukhala, osati m'makola, nde galu sasiyidwa yekha kupitirira maola atatu pa tsiku. Inshuwalansi musayiwale. Basi, za mapepala ndi zimenezo.

Chomwe mapepala sangakuuzeni ndi choti eni agalu ena sanena zoona. Iyi ndi nkhani yomwe imandiwawabe. Chaka china mu October banja lina lachinyamata linandibweretsera German Shorthaired wamkazi wa zaka ziwiri, iwo amapita ku Spain kwa masiku khumi. Pa fomu analemba kuti ngofatsa, akayitanidwa amabwera, ndipo anasayina kuti ndikhoza kumumasula. Masiku awiri oyamba ndinamuyendetsa pa chingwe, zonse bwinobwino, amandiyang'ana, ndikamutchula dzina amatembenuka. Tsiku lachitatu ndinamumasula m'munda wina momwe mwini munda amatilola kuyendamo. Dziwani kuti October kuno ndi nthawi yomwe ma pheasant ali ponseponse, amawaweta mamiliyoni nkuwatulutsa kuthengo kuti alenje adzawaombere kuyambira pa 1 October mpaka pa 1 February, moti olo pamsewu umangokumana nawo. Galu uja anakweza mphuno kamodzi, ndinaona maso ake asintha, ndipo ndisanatulutse nkomwe liwu anali atadumpha kale mpanda wa miyala ngati palibepo kanthu.

Kuseri kwa mpanda umenewo kunali nkhosa. Amene simunakhaleko kumidzi ya kuno mwina simungamve kulemera kwake kwa mawu amenewa. Galu kuthamangitsa nkhosa ndi mlandu pansi pa lamulo la 1953, olo asalume, chifukwa nkhosa ikathamangitsidwa imatha kufa ndi mantha kapena kutaya bere, ndipo pali nthawi zina zomwe lamulo limamuteteza mlimi akaombera galu amene wamupeza pakati pa ziweto zake. Ndinathamanga mphindi 40 ndikukuwa dzina lake mpaka mawu kutha, matope mpaka m'mawondo, m'mutu mukungobwera kuti ndikawauza chani anthu aja, ndipo galu wosalakwayu afera fungo la mbalame basi. Ndinamupeza ali m'manja mwa mlimi, atamumanga ndi kachingwe komangira udzu wa ng'ombe, lilime lili panja, mchira akugwedeza ngati palibe chachitika. Nkhosa sanazikhudze, iye amatsata mbalame yake, koma zinali zitabalalika munda wonse. Bambo aja anandikalipira kwambiri ndipo sanalakwitse, ndinangopepesa nkupepesanso, ndinawasiyira nambala yanga kuti ngati nkhosa ina ipezeke ndi vuto andiuze.

Madzulo ake ndinawayimbira eni galu. Yankho lake ndi lomwe linandipweteka kuposa kukalipiridwa kuja. Akuti eya amachita zimenezo nthawi zina, anatithawaponso kawiri, koma tinaopa kuti tikanena mukana kumutenga ndipo matikiti a ndege tinali titagula kale. Abale, akanandiuza sindikanakana. Ndikanangodziwa kuti uyu ndi wa chingwe chachitali mpaka tsiku lomaliza. Bodza lawo likanaphetsa galu wawo yemwe, likanaphetsa nkhosa za munthu wosalakwa, ndipo ine layisensi ikanapita. Kuyambira tsiku limenelo galu aliyense watsopano amabwera kaye kudzagona usiku umodzi eni ake asanachoke, timayenda limodzi ndi eni akewo kuti ndione ndi maso anga osati zolembedwa, masiku oyamba amakhala pa chingwe cha mamita 10, pa lamba wa m'khosi ndimamangirapo ka GPS, ndipo kothamangira momasuka ndi ku minda ija yotchingidwa ndi waya wautali yomwe timachita lendi pa ola. Mpanda wathu wa kunyumba tinaukweza mpaka mamita awiri, ndipo pansi tinakwirira waya chifukwa amene salumpha amakumba.

Masiku asanu ndi awiri otsalawo ndi galu ameneyu ndi omwe anandiphunzitsa ntchito. Ine maganizo anga anali oti mphamvu zamuchulukira, nde dawa yake ndi kumutopetsa. M'mawa ola lathunthu kumuponyera mpira, madzulo ola linanso. Koma mmalo mofatsa zinthu zimangoipiraipira, tikafika kunyumba amangozungulira pabalaza, kupuma wefuwefu, maso ali psuu, kulira chapansipansi, akamva katsamba kagwa panja wadzuka kale, usiku wina anang'amba khushoni ya pampando mpaka thonje mbwee nyumba yonse. Ndinawayimbira bambo achikulire aja a tsiku loyamba, poti tinali titazolowerana, nkuwafotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto kenako anati mayi, miyendo ya galu ameneyo inu simungayitopetse, inu ndi amene mutope, ndipo tsiku lililonse mukumuwonjezera mphamvu ngati wokonzekera mpikisano. Mupatseni ntchito ya mphuno.

Apa mpomwe pagona nkhani yonse kwa ine. Galu wolozayu dziko amaliona ndi mphuno, ndipo mosiyana ndi agalu otsata mapazi amene amanunkhiza pansi, iye amakweza mutu nkumawerenga fungo lomwe likubwera ndi mphepo. Nchifukwa chake alenje amamuyendetsa moyang'anana ndi mphepo, iye nkumadula uku ndi uku kutsogolo kwawo, kumanzere, kutembenuka, kumanja, kutembenuka, ngati munthu akusesa bwalo, kuti pasatsale malo omwe fungo lake silinamupeze. Mpira ulibe chilichonse cha zimenezi. Mpira ndi kuthamangitsa basi, magazi amangotentha osazizira, mutu sunagwire ntchito. Nde ndinasintha. Ndisanatuluke ndimayamba ndaona kuti mphepo ikuchokera kuti, ndimathothola kaudzu nkukaponya m'mwamba mmene timachitira popeta. Ndimabisa kathumba ka kanvasi kophunzitsira agalu kaja mu udzu wautali iye asakuona, nthawi zina nditamangirirapo phiko la pheasant, kenako ndimamutengera kumunsi kwa mphepo nkumuuza kuti saka. Mukanaona mmene nkhope yake inasinthira tsiku loyamba. Thupi lonse linakhala ngati lapeza chomwe limafuna kuyambira kale. Mphindi 20 za zimenezi, kubwera kunyumba anamwa madzi, anazungulira kawiri pa bulangete lake nkugona tulo tofa nato mpaka masana.

Sindikunena kuti asathamange ayi, kuthamanga amafunika ndithu, wamkulu wathanzi ola limodzi kapena awiri pa tsiku, ndipo gawo lina likhale lothamanga momasuka osati kungoyenda pambali pa munthu pamsewu. Koma kuthamanga kopanda chofuna kuli ngati kumutuma mwana kumsika osamuuza chokagula. Chakudya cha m'mawa nthawi zambiri sindiika m'mbale, ndimachimwaza pa kapinga kuti atole kamodzikamodzi ndi mphuno. Mvula ikavuta, poti kuno imagwa mmene yafunira, ndimabisa tinthu m'makatoni m'nyumba. Ndipo chinthu china chomwe eni ake ambiri sanawaphunzitse ndi kupuma kumene. Agalu ena amafika kwathu asakudziwa kuti kukhala phee nkotheka. Ndimayala kamphasa kake pafupi ndi pomwe ndikuphika, akagonapo ndimamugwetsera kachakudya mwakachetechete osamuyankhula, akadzuka sindikalipa, ndimangodikira. Ena zimatenga masiku awiri, ena sabata. Mayi wina atabwera kudzatenga Weimaraner wake anamupeza ali gone pakhitchini ine ndikusenda mbatata, anayima pakhomo nkufunsa ngati ndamupatsa mankhwala ogonetsa.

Agalu a alenje enieni ali ndi vuto lawo losiyana, ndipo apa mantha anga amakhala oti ndingawononge ntchito ya munthu. Kuphunzitsa galu kuti aime nji mbalame ikuuluka pamphuno pake zimatenga zaka ziwiri kapena zitatu, koma kumuwononga sabata imodzi ikwana, ungomulola athamangitse akalulu kangapo kapena ana azikokerana naye chinthu pakamwa, basi wayamba kuluma mbalame mwamphamvu nkumakana kupereka. Bambo achikulire aja pobweretsa wawo anabwera ndi pepala lolemba pamanja mbali zonse ziwiri, ndi wenzulo yawo ya Acme 211.5, zija amapanga ku Birmingham, poti galu anazolowera kaliridwe kameneko. Kuyimba kamodzi motalika ndi kuti ima pomwe ulipo, kawiri mwachidule ndi kuti tembenuka, kambirimbiri motsatizana ndi kuti bwera. Anandiuza kuti mayi, ngati mukuona kuti samvera musayimbe, chifukwa mukayimba iye nkunyozera mwamuphunzitsa kuti wenzulo ndi phokoso chabe. Mawu amenewo ndimawauza aliyense wondithandiza ntchito. Unali mwezi wa July, iwo amapita kukaona mwana wawo kunja, ndipo amafuna adzapeze galu ali m'chimake chifukwa pa 12 August mpomwe nyengo yosaka grouse imatsegulidwa, mbalame ya m'mapiri a kuno yofananako ndi nkhwali, tsiku lomwe alenje a kuno amaliwerengera chaka chonse. Komanso July yemweyo sungangomumasula galu m'phiri, kuyambira pa 1 March mpaka pa 31 July m'malo otseguka a m'mapiri omwe anthu amaloledwa kuyendamo lamulo limati galu akhale pa chingwe chosapitirira mamita awiri chifukwa mbalame zambiri zimaikira mazira pansi. Nde masabata atatu amenewo tinagwirira ntchito m'munda wa lendi, m'mamawa kusanatenthe.

Koma usiku ndi umene umandimvetsa chisoni kwambiri, makamaka ndi ma Vizsla. Galu ameneyu amakumata ngati chisoso pa chitenje, ukapita kubafa ali pakhomo, ukakhala pansi mutu wake uli pamwendo pako. Nde taganizani munthu amene iye amamutsata chonchi tsiku lililonse wangosowa, ndipo palibe njira yomuuzira kuti abweranso Lachisanu. Usiku woyamba amalira kulira kwina kwake kosauwa, kochokera pansi pamtima, amakhala pa zenera kuyang'ana pomwe galimoto inalowera. Ndimawapempha eni ake kuti abweretse bulangete lake losachapa ndi tisheti yomwe iwo agonera, ndipo usiku woyambawo ine ndimagona pa sofa pafupi naye, dzanja lili pamsana pake. Amuna anga poyamba amati ukuwalera ngati ana, pano iwonso amasinthana nane. Ena amakana kudya masiku awiri, ndipo poti agaluwa alibe mafuta m'thupi, kuwonda kwake kumaoneka msanga, nthiti zimayamba kuwerengeka. Ndimawayeza pa sikelo tsiku lofika ndi pakati pa sabata. Chakudya sindisintha olo pang'ono, adye chomwe amadya kwawo, chifukwa nkhawa payokha imatsegula kale m'mimba nde ukawonjezera chakudya chachilendo ndi mavuto. Ndikathira timadzi tofunda kuti fungo lituluke nkukhala naye pansi pomwepo, ambiri amayamba kudya.

Pa chakudya pomwepa pali chinthu chimodzi chomwe aliyense wosunga agalu a chifuwa chakuya ngati awa ayenera kuchidziwa ngati dzina lake. Chifu chimatha kudzaza mpweya kenako nkupotoka, magazi osayendanso, ndipo galu amafa m'maola ochepa ngati sanachitidwe opaleshoni. Ma Weimaraner ndi ma setter ndi ena mwa amene zimawachitikira kwambiri. Zizindikiro zake galu amafuna kusanza koma osatuluka kanthu, dovu lili chuchuchu, sakhazikika, mimba yatupa yalimba ngati ng'oma. Ukaona zimenezo si za kudikira kuche kapena kufunsa pa gulu la Facebook, ndi kunyamula galu kuthamangira kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo olo ikhale 2 koloko usiku. Ine nambala ya chipatala cha ziweto cha usiku ndinaimata pa firiji, thanki ya galimoto siikhala yopanda mafuta, ndipo eni ake amasayiniratu kuti zikavuta ndisadikire kuti ayankhe foni. Ndimawadyetsa kawiri pa tsiku osati chimbale chimodzi chachikulu, ndipo pamadutsa ola asanathamange komanso akathamanga asanadye. Mwa chisomo cha Mulungu sizinandichitikirepo m'nyumba mwanga, koma usiku wina ndinathamangira kuchipatala ndi galu amene anangokhala ndi mpweya wamba, ndipo sindinadandaule ndi ulendowo.

Tina ndi ting'onoting'ono koma tosalekeza. Tikabwera koyenda ndimamupapasa thupi lonse, m'makutu, m'khwapa, pakati pa zala, chifukwa nthawi yotentha timbewu ta udzu tosongoka ngati singano timalowa m'khutu kapena kuboola khungu nkumayenda mkati, komanso nkhupakupa za kuno zimafalitsa matenda a Lyme. Waya waminga umawang'amba pachifuwa iwo osamva nkomwe. Mchira nawo, amene sanadulidwe akasangalala amaumenyetsa kukhoma mpaka nsonga kuphulika, magazi waza waza khoma lonse ndipo chilonda chake chimavuta kupola, nchifukwa chake ku England olo kudula michira kunaletsedwa, agalu osaka ngati awa amaloledwabe ngati dokotala wachita kagalu kasanapitirire masiku asanu. Nthawi yozizira Vizsla amanjenjemera zenizeni poti ubweya wake ndi umodzi wokha wopyapyala, nde akanyowa ndimamupukuta nkumuveka kajekete. Ndipo sabata ya pa 5 November pomwe dziko lonse limaphulitsa makombola, musaganize kuti poti ndi galu wa mfuti ndiye saopa, ambiri mwa awa mfuti sanayimvepo, timatseka makatani nkuyatsa wailesi ndipo madzulo amenewo palibe wotuluka.

Anthu amandifunsa kuti bwanji osangomanga makola kuseri nkumatenga agalu 20, ndalama zake si zambiri? Zambiri ndithu. Ndipo sindikunyoza makola onse, alipo ena oyendetsedwa ndi anthu odziwa agalu osaka, ali ndi minda yawo, ndipo galu wa mlenje amene anakulira m'khola amakhala bwinobwino kumeneko kuposa pa sofa panga. Koma ndinalandirapo German Shorthaired amene chaka chapitacho anamusiya masabata awiri pamalo pena pomwe amatulutsidwa kawiri pa tsiku kwa mphindi zochepa pa chingwe, kwinako ali m'kachipinda ka simenti kumvera agalu ena akuuwa usana ndi usiku. Eni ake anakamutenga mawu atasasa, mphuno itasupuka chifukwa chokhula pa waya, atanyambita mwendo mpaka chilonda. Malowo anali aukhondo, chakudya amapatsidwa, palibe anamumenya. Koma kwa galu wa mtundu uwu zimenezo sizokwanira, ndipo mwini malo woona mtima amayenera kunena kuti uyu ife sitingamuthe. Ine ndimatenga atatu basi, nthawi zina awiri ngati mmodzi ndi wovuta, ndipo ndimakana ambiri. Wamkazi amene ali pa nyengo yake sindimutenga ngati m'nyumba muli wamwamuna wosafula. Amene eni ake akukana kubwera kudzayesa usiku umodzi, ameneyonso ayi, olo alonjeze kulipira kawiri.

Nde kwa inu achemwali ndi achimwene amene mukufuna kuyamba, bwerani tidzayende limodzi kaye tsiku limodzi mu January, 6 koloko m'mawa kuli mdima wa ndiweyani, mphepo ikucheka kumaso, agalu atatu akukoka. Holide yanu izikhala nthawi yomwe ena sapita ku holide, Khrisimasi ndi August nyumba imakhala yodzaza, ku ukwati wa anzathu ku Manchester timapita mmodzi wina nkutsala. Ngati agalu mumangowapirira chifukwa cha ndalama, pezani ina, chifukwa awa amadziwa msanga ndipo sadzakumverani. Koma ngati mungathe kuima mu udzu wonyowa nkumaonerera galu akuwerenga mphepo mtima wanu nkumasangalala nawo, ntchitoyi ilipo yambiri, eni agalu amenewa akapeza munthu womukhulupirira samusiya ndipo amauzana okhaokha.

Bambo achikulire aja anabwera kudzatenga galu wawo pa 2 August. Sanalowe nkomwe m'nyumba, anati tiyeni kumunda kaye. Anamumasula, anamusiya athamange patali ndithu, kenako anayimba wenzulo kamodzi. Galu anakhala pansi pomwepo ngati wamangidwa, nkutembenuka kuwayang'ana. Sananene zambiri, anangogwedeza mutu nkundigwira chanza ndi manja awiri. Mu November tsiku lina Loweruka madzulo ndinamva kugogoda, kutsegula ndi iwo ali ndi ma pheasant awiri, tambala ndi thadzi, atawamanga pamodzi m'khosi ndi kachingwe mmene amachitira alenje a kuno, akuti awa waloza ndi kutola ndi mnzanu uja. Ndinawasosola pakhonde usiku womwewo, ndinaphika ngati nkhuku ya lokolo, moto wapansipansi ndi tomato ndi anyezi poti nyama yake njolimba, tinadyera nsima tikulavula tizipolopolo m'mbale. Mapiko ndinawaumitsa pamwamba pa boyila, ndi omwe ndikumangirira pa kathumba kaja mpaka pano.